Nsomba zazikulu zofatsa m'thanki ya m'nyumba: yankho kwa bambo a ku Kapata

Bambo wina wa ku Kapata kuno ku Chipata anandilembera kalata pa imelo. Ali ndi thanki yagalasi yotalika masentimita 150, yolowa malita pafupifupi 400, ndipo muli tinsomba ta guppy tomwe ana awo amatikonda. Akufuna kuikamo nsomba zazikulu zosachita ndewu. Akufunsa kuti agule ziti, ndipo ngati zingakhale pamodzi ndi tinsomba tija.

Bambo, ndiyambe ndi mawu owawa. Nsomba yofatsa nayonso imameza chilichonse cholowa m'kamwa mwake. Sichita kukwiya, kwa iyo n'chakudya basi. Ma guppy aja muwapezere kathanki kawo, apo ayi m'mawa uliwonse muzidzapeza achepa, ana n'kumalira.

Musanasankhe nsomba, yezani kaye madzi anu. Ambiri a ife timatunga pa borehole, ndipo madzi otere nthawi zambiri amakhala olimba, a mchere wa m'miyala. Angelfish ndi discus kwawo ndi ku Amazon, kumene madzi ndi ofewa. Koma nyanja ya Malawi, yomwe ili kuseri kwa malire athu a Mwami, madzi ake ndi olimba, pH yake (muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi) imakhala pafupifupi 8. Ngati madzi anu ali otero, musavutike n'kuwasintha ndi mankhwala sabata ndi sabata. Sankhani nsomba zomwe kwawo madzi ndi omwewo.

Ine mtima wanga uli pa blue dolphin, nsomba ya m'nyanja ya Malawi imene dzina lake la sayansi ndi Cyrtocara moorii. Imakula kufika masentimita 20 kapena kupitirirapo, yabuluu thupi lonse, ndipo ikamakula imatupa chipumi. M'nyanjamo imakonda malo amchenga, kutsatira nsomba zina zokumba pansi n'kumatola zomwe zavumbuluka. Ndiye pansi pa thanki muike mchenga wosalala, miyala yochepa m'mbali, pakati pakhale poyera posambira. Mugule yamphongo imodzi ndi zazikazi zitatu kapena zinayi. Amphongo awiri m'thanki yotere sangapatsane mtendere. Imakula pang'onopang'ono, choncho musataye mtima chaka choyamba. Tsiku limene mudzaona yaikazi yasiya kudya, kukhosi kwatupa, musaganize kuti yadwala: yafungatira mazira m'kamwa, ndipo idzawasunga momwemo pafupifupi masabata atatu. Ndikhulupirireni, ana anu adzaiwala ma guppy akadzaona zimenezo.

Zokhala nayo bwino ndi ma peacock, a mtundu wa Aulonocara, komanso utaka wa Copadichromis borleyi. Inde, ndi wachibale wa utaka womwe timadyera nsima. Pansi muonjezepo nkholokolo zazing'ono za mtundu wa Synodontis, zitatu kapena zinayi, ndi mapanga obisalamo masana. Mbuna, tinsomba ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, zambiri mwa izo ayi. Ndi zokongola, koma zimalimbirana miyala ndipo zimathamangitsa nsomba zofatsa mpaka kuzilepheretsa kudya.

Mwina wina akuuzani za frontosa ya ku nyanja ya Tanganyika, komwe kuli Mpulungu. Ndi nsomba yaulemu kwambiri, koma imafika masentimita 30, imafuna kukhala pagulu, ndipo kukada imagwira tinsomba togona. Thanki yanu ndi yaing'ono kwa gulu lake. Oscar, bala shark ndi pleco wamba mudzaziona m'sitolo zili ngati chala, koma zonsezi zimatha kufika masentimita 30, pleco n'kupitirira 40. Ndinagulapo pleco wotere poganiza kuti azindipukutira galasi. Atakula, ndowe zake zinachuluka kuposa ndere zomwe ankadya, ndipo ndinavutika kumupezera pokhala. Goldfish nayo musaisakanize, imakonda madzi ozizirirapo.

Tsopano za malaiti, pakuti ndi zomwe zimatiphera nsomba kuno. Nsomba yaikulu imafuna mpweya wambiri m'madzi, ndipo sefa (kamakina koyeretsa madzi a m'thanki) ikaima kwa maola angapo, tizilombo tabwino tochotsa poizoni wa m'ndowe timayamba kufa. Musanagule nsomba ngakhale imodzi, gulani kapampu ka mpweya koyendera mabatire. Malaiti akapita musadyetse. Mu June ndi July usiku kumazizira, pamene nsomba izi zimafuna madigiri 24 mpaka 26, ndiye hita ndi yofunika, ndipo ikazima fundikani thanki ndi bulangete. N'chifukwa chakenso ndikukupemphani kuti musadzaze thanki: nsomba khumi zokula bwino n'zokwanira.

Sabata iliyonse muzichotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo n'kuthiramo atsopano. Ngati ndi a pampopi, muthire kaye mankhwala ochotsa klorini. Nsomba musaziike zonse tsiku limodzi. Yambani ndi ma blue dolphin, padutse masabata awiri kapena atatu, kenako zinazo. Mukayeza pH ya madzi anu mundilemberenso, chifukwa akapezeka kuti ndi ofewa tidzakambirana za angelfish ndi pearl gourami.