Mwana wapeza 1390 pa SAT: alembenso kapena ayese ACT?

Bambo wina wa ku Blantyre wandilembera za mwana wawo wamkazi amene akuchita A-Level ndipo akufuna kukaphunzira uinjiniya ku America. Mtsikanayu analemba SAT, mayeso olowera m'mayunivesite a ku America, kamodzi n'kupeza 1390 pa 1600: masamu 740, kuwerenga ndi kulemba 650. Bamboyo akufunsa ngati mwanayo alembenso, asinthire ku ACT (mayeso ena a ntchito yomweyo), kapena angosiya kutumiza zotsatirazo poti amva kuti mayesowa safunikanso. Wachibale wina wawauzanso kuti afunefune SAT Subject Tests, mayeso a phunziro limodzilimodzi.

Bambo, za Subject Tests zichotseni m'maganizo. College Board, bungwe loyendetsa SAT, inawathetsa mu 2021.

Zoti mayeso safunikanso ndi nkhani yakale. Pa nthawi ya Covid mayunivesite ambiri anasiyadi kukakamiza, koma akuluakulu abwerera. MIT inayambanso kufuna SAT kapena ACT mu 2022. Mu 2024 zinatsatira Dartmouth, Brown, Harvard ndi Caltech, pamene Yale inati ilandiranso zotsatira za AP kapena IB, mayeso ena a kusekondale. University of California ndiyo yosiyana, poti siyang'ana n'komwe zotsatirazi ngakhale mutumize, koma kumeneko thandizo la ndalama kwa ophunzira akunja n'lochepa kwambiri. Choncho mwana wa uinjiniya amene akufunikanso sikolashipu sangathawe mayeso.

Chifukwa chimene Dartmouth inapereka n'chofunika kuti muchimve bwino, chifukwa chikukhudza mwana wanu mwachindunji. Aphunzitsi a ku Dartmouth atafufuza anapeza kuti ana ochokera m'mabanja osapeza bwino ankabisa zotsatira za m'ma 1400 poganiza kuti n'zochepa, pamene zikanawathandiza kulowa. Osankha ophunzira sawerenga nambala payokha. Amayang'ana sukulu imene mwana wachokera, dziko lake ndi mwayi umene anali nawo. Masamu 740 ochokera ku Malawi, kumene maphunziro okonzekera SAT ndi osowa ndipo magetsi amazima pakati pa kuwerenga, amanena zambiri za mwanayo. Ndikanakhala ine sindikanabisa 1390 imeneyo mwachisawawa.

Komabe alembenso, kamodzi, mwina kawiri basi. Mayunivesite ambiri amachita chimene amachitcha superscore: amatenga nambala yapamwamba ya gawo lililonse ngakhale zichokere ku masiku osiyana. Ndiye kuti 740 yake sitayika ngakhale tsiku lachiwiri masamu atavuta, ndipo mphamvu zambiri zipite pa 650 ija. Yunivesite ya Georgetown imafuna kuona zotsatira zonse zimene mwana analembapo, n'chifukwa chake sindilimbikitsa kulemba kasanu mongoyesa mwayi. Ngati MIT kapena Caltech zili pa mndandanda wake, masamu nawonso asawanyozere, chifukwa ambiri olowa kumeneko amakhala pafupi ndi 800.

Adziwenso mmene mayesowa amayendera. Kuyambira mu March 2023 ophunzira a kunja kwa America amalemba SAT pa kompyuta, pa pulogalamu ya Bluebook, kwa maola awiri ndi mphindi 14. Gawo lililonse lili ndi zigawo ziwiri, ndipo kuvuta kwa chachiwiri kumadalira mmene wachitira choyamba. Wolakwitsa zambiri poyamba amapatsidwa mafunso osavuta, koma nambala yake siyingakwere kwambiri. Mayeso oyeserera ali mu Bluebook momwemo, ndipo mafunso oyeserera ali pa webusaiti ya Khan Academy, onse aulere. Azilemba athunthu ndi wotchi, kenako n'kukhala pansi kufufuza chifukwa chimene walakwira funso lililonse. Malamulo a kalembedwe, monga zizindikiro za m'chiganizo, amaphunzirika m'masabata ochepa. Kumvetsa ndime kumatenga nthawi, ndipo kumafuna kuwerenga Chingerezi chovuta tsiku ndi tsiku.

Za ACT yankho langa ndi ayi. Mayunivesite amalandira onse awiri mofanana, ndipo palibe mphotho yolemba onse. ACT imapereka nthawi yochepa pa funso lililonse, zimene sizingamukomere mwana amene kuwerenga ndiko kukumubweza. Akafuna kutsimikiza, alembe yoyeserera imodzi kunyumba asanalipire kanthu.

Musanatulutse madola ena, lembani pa Google dzina la yunivesite iliyonse pamodzi ndi mawu oti Common Data Set, n'kuyang'ana gawo C9. Pamenepo pali zotsatira za ophunzira amene analowadi. Pomwepo onaninso ngati yunivesiteyo imafuna TOEFL, IELTS kapena Duolingo English Test, poti ena amakhululukira wophunzira amene sukulu yake yonse inali m'Chingerezi. Zotsatira za mayeso a Chingerezi zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndiye asafulumire nawo.

Ngati akufunsira malo msanga, tsiku lomaliza nthawi zambiri ndi 1 November, choncho alembe mu August kapena October. Malo olembera ndi ochepa kwathu kuno, mulembetse msanga. Alangizi a EducationUSA, nthambi ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko, ku Lilongwe amathandiza kwaulere, ndipo mukawafunsenso za malamulo a visa amene akugwira ntchito panopa.