Kwa msilikali wopuma amene penshoni yake yaimitsidwa atalankhula zandale

Bambo,

Mwalemba kuti munatumikira m'gulu la asilikali a dziko lino zaka 22, kuphatikizapo ulendo wokasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, ndipo munapuma pa ntchito muli sajeni. Penshoni yanu inkabwera mwezi ndi mwezi mpaka pamene munalankhula pa msonkhano wa chipani china kwanuko ndi kulemba maganizo anu pa Facebook. Pasanapite nthawi munalandira kalata ya mizere itatu yonena kuti malipiro anu ayamba aimitsidwa kaye, osatchula chifukwa, ndipo mkulu wina wa mu ofesi anakuuzani chapansipansi kuti fayilo yanu siyenda mukapanda kusiya ndale. Kalatayo inalembedwa masabata 7 apitawo. Mukufunsa ngati msilikali wopuma ali ndi ufulu wochita ndale, komanso ngati n'kwanzeru kumvera alamu anu amene akuti mufufute zonse munalembazo, mukapepese, kenako mudikire.

Za ufulu wanu ndizinena, koma ndiyamba ndi tsiku lomwe lalembedwa pamwamba pa kalatayo, chifukwa milandu ya mtundu uwu imafera pamenepo woweruza asanamve n'komwe kuti walakwa ndani. Njira yeniyeni yotsutsira ganizo la ofesi ya boma ndi kupempha Khothi Lalikulu kuti liunikenso ganizolo, zomwe maloya timazitcha judicial review. Mphamvu imeneyi khothi limaitenga ku gawo 108 la Malamulo Oyendetsera Dziko. Koma malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku Khothi Lalikulu a m'chaka cha 2017 amanena kuti pempholi liperekedwe mwachangu, ndipo pasadutse miyezi itatu kuchokera pamene ganizolo linapangidwa. Miyezi itatu ndiyo malire otsiriza, ndipo woweruza angathe kufunsa chomwe munachedwera ngakhale mutafika malirewo asanakwane. Mwa masabata pafupifupi 13 amene munali nawo, 7 apita kale.

Ndaona anthu a milandu yabwino akutaya nthawi imeneyi mwa njira imodzimodzi, ndipo asilikali opuma ndiwo amagwa kwambiri mu msampha umenewu chifukwa cha mwambo umene anauzolowera kubalaki, woti dandaulo limakwera makwerero ake ndipo wamng'ono sadumpha wamkulu. Munthu amadzuka m'mamawa, kukwera minibasi ndi ndalama yobwereka, envelopu ya khaki ili m'khwapa, n'kukakhala pa benchi panja pa ofesi mpaka dzuwa kupendeka. Amamuuza kuti abwana ali ku msonkhano kunyanja, abwerenso Lachinayi. Lachinayi likafika amamuuza kuti fayilo yapita kukasainidwa, ndipo iye amabwerera kwawo mtima uli m'malo poti wamuyankha ndi munthu amene anagona naye m'tenti imodzi. Pa maulendo onsewo palibe pepala ngakhale limodzi limene amabwera nalo. Akamafika kwa loya miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi itadutsa, loya wa boma safunikanso kuteteza ganizo la ofesiyo, amangoimirira n'kuwerengera woweruza masiku. Zimandipweteka kuti ena mwa akuluakulu a m'maofesiwa amadziwa bwino lomwe za malire amenewa pamene akumuuza munthu kuti adekhe.

N'zoona kuti khothi lili ndi mphamvu yowonjezera nthawi, koma limachita zimenezi likakhutira ndi chifukwa chimene mwapereka, ndipo mawu oti "ankandiuza kuti ndidikire" opanda kalata yowaikira kumbuyo sakhala olimba. Musamange mlandu wanu pa chiyembekezo choti woweruza adzakumverani chisoni.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu, ngakhale ena amene anaphunzirako zamalamulo. M'nkhani zosumira boma muli miyezi itatu ya mitundu iwiri, ndipo imagwira ntchito mosemphana. Lamulo la milandu yosumira boma ndi ogwira ntchito m'boma limati musanasumire boma pa mlandu wamba, monga wofuna kuti likulipireni ndalama zanu, muyambe mwapereka chidziwitso cholemba kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndi kudikira miyezi itatu. Imeneyi ndi miyezi yodikira. Ya judicial review ija ndi miyezi yothamanga. Munthu akamva za yoyambayi kwa mnzake pa bawo, amatumiza chidziwitso n'kukhala pansi modekha kuwerenga masiku, osadziwa kuti tsiku limene kudikira kwake kukutha, khomo la judicial review lidzakhala litatsekeka kale. Kawirikawiri makhothi saona pempho la judicial review ngati mlandu wofuna chidziwitso chimenechi, choncho loya wochenjera amachita zonse ziwiri nthawi imodzi: amatumiza chidziwitso kwa Attorney General lero kuti njira yofunira ndalama ikhale yotsegula, kwinaku akukonza mapepala opempha chilolezo cha khothi choyambira judicial review. Mlandu wofuna ndalama uli ndi nthawi yotalikirapo, kawirikawiri zaka 6 malinga ndi lamulo la malire a nthawi yosumira, koma umayenda pang'onopang'ono, ndipo banja limene limadalira penshoni silingadye zaka zimenezo.

Loya wa boma angadzanenenso kuti munathamangira ku khothi musanatsirize njira zodandaulira za m'kati. Mfundo imeneyi makhothi amaimvera, ndiye muitseke pakamwa isanatuluke. Sabata ino lembani kalata kwa amene anasaina kalata yoimitsa malipiro anu, ndipo ina yofanana nayo ipite kwa mkulu wa ofesiyo. Muitchule kalata yawo ndi tsiku lake, mupemphe zifukwa zolembedwa, mupemphe kuti akuuzeni lamulo ndi gawo lenileni limene likuwapatsa mphamvu yoimitsa penshoni yanu, ndipo muwapatse masiku 7 oti ayankhe. Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata malamulo ndi mwachilungamo, komanso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene ganizo likukhudza ufulu wake kapena zimene amayembekezera moyenerera. Kalatayo mukaipereke pamanja, ndipo kope lanu alidinde chidindo cha tsikulo ndi kulisainira. Akakana kudinda, lembani dzina la amene wakanayo, tsiku ndi ola, kenako muitumize pa positi yolembetsa ndi kusunga lisiti. Dziwani kuti kalata yanuyi siimitsa kuwerenga kwa miyezi itatu ija. Ntchito yake ndi kusonyeza khothi kuti munayesa, ndi kuwakakamiza kuti alembe chifukwa chawo kapena aoneke kuti alibe.

Musapitenso ku khothi lolakwika. Ambiri amathamangira ku Industrial Relations Court, khothi la nkhani za ntchito, poti ndi kumene anzawo a m'makampani amapita, koma Employment Act ya 2000, lamulo la za ntchito, imanena yokha kuti siikhudza asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, kupatula anthu wamba olembedwa ntchito m'magulu amenewa. Mungathe kukhala kumeneko chaka chathunthu, pomaliza n'kuuzidwa kuti khothilo lilibe mphamvu pa nkhani yanu.

Tsopano za ufulu. Msilikali amene ali pa ntchito saloledwa kulowerera ndale za zipani, ndipo pali chifukwa chomveka: gulu la asilikali ndi la dziko lonse ndipo limamvera boma la anthu wamba losankhidwa motsata malamulo. Ulemu umene Amalawi anapereka kwa asilikali awo pa zionetsero za 2019 ndi 2020 unachokera pa kusakondera kumeneko. Koma munthu amene anatulutsidwa ntchito mwadongosolo ndipo ali ndi chikalata chake chopumira wabwerera kukhala nzika wamba. Gawo 34 ndi 35 a Malamulo Oyendetsera Dziko amateteza ufulu wake wokhala ndi maganizo ndi wolankhula, gawo 40 limamulola kulowa chipani, kuchichitira kampeni ngakhale kuimira pa chisankho, ndipo gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha maganizo ake andale. Penshoni ndi malipiro a ntchito imene munagwira kale. Ngati ilipo mphamvu yoiimitsa, iyenera kupezeka m'lamulo lolembedwa, ndipo aigwiritse ntchito atakupatsani mwayi woyankhapo. Muonetsetse chabe zimene chikalata chanu chopumira chikunena, chifukwa amene anaikidwa m'gulu la asilikali oyembekezera kuitanidwanso amabwerera pansi pa malamulo a usilikali akaitanidwa.

Ufuluwu uli ndi malire ake, ndipo ndiwanena mosabisa chifukwa m'kalata yanu mwabwereza kangapo kuti munamenyera dziko lino ndipo palibe angakutsekeni pakamwa. Ntchito imene munagwira ndi yolemekezeka, koma pamaso pa khothi siikupatsani ufulu woposa wa mphunzitsi kapena namwino wopuma, ndipo pena imakusenzetsani katundu amene iwo alibe. Zinsinsi za ntchito, monga za zida, mayendedwe a asilikali ndi zimene munaona pa ntchito zapadera, zimatetezedwabe ndi Official Secrets Act ngakhale munapuma. Kuvala yunifolomu ya asilikali popanda chilolezo ndi mlandu, choncho musakwere nayo pa nsanja ya chipani. Musalankhule ngati mukuimira asilikali amene ali pa ntchito, ndipo musalembe mawu owalimbikitsa kuti asamvere akuluakulu awo, chifukwa pamenepo nkhani imasiya kukhala ya penshoni n'kukhala ya kupolisi. Milandu youkira boma ndi pakamwa inachotsedwa mu Penal Code, lamulo la milandu ya upandu, mu 2022, ndipo mu 2025 khothi linagamula kuti gawo 200, limene linkalola kuti munthu amangidwe chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likusemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Komabe amene mwamunenera zabodza angathe kukusumirani kufuna chipukuta misozi, ndipo Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 yakhala ikugwiritsidwa ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba za pa Facebook ndi WhatsApp.

Sindingakulonjezeni kuti mupambana. Pa zimene mwafotokoza, mbali yolimba ya mlandu wanu ndi yoti anaimitsa malipiro osapereka chifukwa komanso osakumvani. Mbali yoti anachita izi chifukwa cha ndale ndi yovuta kuitsimikizira, popeza mkulu amene anakuuzani chapansipansi uja sadzavomera polumbira kuti ananena mawu amenewo. Angathenso kubwera ndi chifukwa china, monga ngongole imene akuti muli nayo kuboma, kulakwitsa kwa mawerengero a malipiro, kapena kalembera wotsimikizira kuti olandira penshoni alipodi ndi moyo, amene mwina simunapiteko. Chifukwa chotero chikakhala choona, mlandu usintha nkhope. Mudziwenso kuti pa judicial review khothi kawirikawiri limayang'ana mmene ganizo linapangidwira, ndiye lingathe kulifafaniza ndi kulamula ofesiyo kuti iganizenso motsata malamulo, osati kukuwerengerani ndalama tsiku lomwelo. Woluza mlandu amathanso kulamulidwa kulipira zimene mnzake wawononga.

Malangizo a alamu anu ndi ochokera pa chikondi, koma angakuwonongereni mlandu. Kalata yopepesa imene akufuna mulembeyo idzawerengedwa m'khothi ngati kuvomera kuti munalakwa, pa chinthu chimene mwina si mlandu n'komwe. Kufufuta zimene munalemba sikuthandiza, chifukwa amene anakunenezani anazijambula kale, ndipo inu mudzatsala opanda umboni wa mawu enieni amene munanena pamene iwo akuwonjezera awo. Chimodzimodzinso achibale amene akuti mupite kwa phungu wa dera lanu kapena kwa akuluakulu a chipani kuti akakulankhulireni: zimenezo zidya masabata amene mulibe, ndipo zisandutsa nkhani ya malamulo kukhala yopempha chifundo kwa andale, amene mawa angadzafune kuti muwabwezere.

Zotsalazi muchite mwachangu. Sonkhanitsani chikalata chopumira, nambala yanu ya usilikali, kalata yowerengera penshoni ndi gratuity, masitetimenti a kubanki osonyeza mwezi womaliza kulandira, ndi kalata yoimitsa malipiroyo pamodzi ndi envelopu yake, chifukwa tsiku limene munailandira lingakhale lofunika. Jambulani zonse zimene munalemba pa Facebook masiku ake akuoneka, ndipo ngati alipo anajambula zimene munalankhula pa msonkhano uja, pemphani akupatseni. Lembani lero lomwe zimene mkulu uja ananena, malo, tsiku ndi amene analipo. Mapepala enieni musasiye mu ofesi iliyonse, muzipereka mafotokope okha. Musasaine pepala lililonse loti mwalandira zonse kapena loti simudzalankhulanso zandale loya asanaliwerenge, ndipo za mlanduwu musazilembe pa intaneti.

Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, ndipo mawu oyamba kuwauza akhale tsiku la kalata ija, kuti fayilo yanu isaikidwe pa mzere wamba. Gawo 46 la Malamulo Oyendetsera Dziko limakulolaninso kukadandaula ku ofesi ya Ombudsman kapena ku Malawi Human Rights Commission, komwe simulipira kanthu, koma dandaulo la kumeneko nalonso siliimitsa miyezi itatu ya ku khothi. Bungwe la asilikali opuma la VELOM lingakuthandizeni kudziwa ngati alipo anzanu ena amene alandira kalata yofanana ndi yanu, ndipo ngati alipo, loya wanu adziwe msanga. Masiku 7 amene mwawapatsa akatha osayankhidwa, mapepala opempha chilolezo apite ku khothi sabata yotsatirayo.