Yankho kwa asisi amene bonding ikungomatuka

Asisi mwati munaikitsa bonding, ija yomata wivi kumutu ndi guluu, Loweruka koma pofika Lachitatu malaini awiri a wivi akumbuyo amatuka kale, nde mukufunsa ngati vuto ndi guluu kapena tsitsi lanu. Ine ndagwira mitu ya anthu mu saluni zaka zambiri ndithu, mundilole ndilembe motalikako chifukwa ndaona atsikana ambiri tsitsi lakutsogolo litatha psiti chifukwa cha zomwezi.

Ndikufunseni kaye, tsiku loikalo mmutu munali bwanji? Guluu ndi mafuta sizigwirizana olo pang'ono. Remover amene timachotsera guluu wakuda uja amakhala wamafuta, nde ngati munapita ku saluni mutadzola Vaseline, hair food kapena mafuta a nsatsi dzulo lake, kapena anakutsukani nkuthira kondishona mpaka kumizu kenako pompo nkuyamba kumata, ndiye kuti chochotsera munali nacho kale mmutu guluu asanafike nkomwe. Ambirife tinakula amayi akutidzoza mmalaini Lamulungu lililonse, mutu ukangouma pang'ono dzanja limathamangira lokha ku botolo, ndimamvetsa zimenezo. Koma pa bonding mutu umafunika utsukidwe ndi shampu kawiri, kondishona asafike kumizu, kenako uume gwa mu dulaya, osati zouma pamwamba pokha mkati muli chinyezi ayi. Ndipo mukaika, mafuta ndi sipuleyi zizithera kunsonga basi.

China ndi dzanja la woikayo. Ena amaganiza kuti guluu akachuluka nde agwira kwambiri, pamene akachuluka sauma mkati, amangokhala phalaphala nkumatsetsereka. Amafunika wochepa pa msoko wa wivi, mudikire pang'ono ayambe kunanda, mumate patsitsi pafupi ndi khungu koma osati pakhungu penipeni, mupanikize ndi chala uku mukuwomba ndi dulaya ya pamanja laini iliyonse musanapite ina. Nchifukwa chake ine magetsi akazima sindimata munthu olo andichonderere kuti ali ndi ukwati mawa, ndimamuuza timusoke basi. Guluu nayenso amatha mphamvu, botolo loti lakhala padzuwa pa benchi mumsika miyezi ingapo kapena latsegulidwa kalekale limakhala lamabulumabulu kapena lamadzimadzi, limenelo silingagwire.

Nde pali thukuta. Malaini akumbuyo ndi amene amayamba kugwa chifukwa pankhongo mpamene timatuluka thukuta kwambiri, komanso mpamene timagonera ndi kukhudzana ndi kolala. Kutentha kwa October kuja, mu minibasi yodzadza, kenako kukaima pa mbaula madzulo, bonding siichedwa. Nthunzi ya madzi otentha kubafa nayonso imafewetsa guluu, muzivala shower cap, ndipo pogona mangani duku la satini tsitsi litauma.

Simunanene mtundu wake, ine ndatenga kuti ndi ya malaini ya guluu wakuda. Imeneyo musaiyembekezere zambiri, masabata 2 kapena 3, ikakwana mwezi nde yayesetsa ndipo iyenera kuchoka. Ngati ili ya keratin ija amamata timagulu ta tsitsi kamodzikamodzi ndi kamakina kotentha, imeneyo imatha miyezi 3 ikaikidwa bwino, koma osatsuka maola 48 oyamba ndipo flat iron isayandikire pa mfundo chifukwa kutentha komwe kunamata ndi komwe kumasungunula. Tsitsi lathu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi ndipo limathothoka lokha 50 mpaka 100 patsiku, nde pakapita masabata angapo kuona tiwiri titatu tasololoka sizachilendo. Koma masiku anayi okha ayi, pamenepo china chake chinalakwika poika.

Tsopano tengani laini yagwayo muiyang'ane bwinobwino pa msoko. Ngati yatuluka yokha, guluu ali noninoni opanda tsitsi lanu, pumulani mtima, ndi mafuta kapena chinyezi chabe ndipo zimakonzeka. Koma ngati pa guluu pali tsitsi lanu lambiri lodukaduka, asisi imeneyo nde yondidetsa nkhawa, ndiye kuti wivi ikulemera kuposa tsitsi lomwe anaimatapo kapena tsitsilo ndi lofooka. Izi zimachitika kwambiri kwa amene apanga relax nkumata tsiku lomwelo, pamafunika padutse masabata awiri. Kukoka kotereku kukapitirira makamaka mmbali ndi kutsogolo, tsitsi limatha osameranso.

Chonde musamate pamwamba pa guluu wakale, ndipo super glue olo guluu wa nsapato asayandikire mutu wanu, ndinalandirapo mtsikana wina atachita zimenezo kuthamangira chinkhoswe, tinachita kumeta mbali yonse akulira. Pakani remover kapena mafuta ophikira pamalo pamene pamatukapo, dikirani afewe, pesani pang'onopang'ono ndi chipeso cha mano akuluakulu kuyambira kunsonga, tsukani mafuta onse athe, muumitse, kenako nde mumatenso. Ndipo ngati mukumva kuyabwa kwambiri, kutentha, totupa kapena nkhope yayamba kutupa, chotsani yonse lero lomwe mupite kuchipatala, guluu wakuda wambiri amakhala ndi latex, mtundu wa mphira, ndipo matupi ena sagwirizana nayo.

Ine ndikanakhala inu ndikanabwerera komwe munaikitsako mawa mmawa mutanyamula malaini agwawo, saluni yabwino imakonza zimenezi osakulipiritsaninso. Ngati mumatuluka thukuta kwambiri auzeni akulukeni mizere akusokeni, kapena amate pa kakapu kovala kumutu osati patsitsi lanu. Mujambule msokowo muike pansipa ndiwuone, komanso mundiuze ngati munapanga relax posachedwapa.