Mawaya akuzuka pa breadboard: kodi ndingadzipangire bolodi?

Mwandilembera kuti kachipangizo kanu ka magetsi othwanima kakugwira bwinobwino pa breadboard, kabolodi ka mabowo kongolowetsamo mawaya osawotcherera, koma mukangokagwedeza mawaya amazuka. Ndiye mukufunsa ngati munthu wongochita izi pozikonda angajambule yekha PCB, bolodi ya tinjira ta kopa yowotchererapo zipangizo, n'kuitanitsa kufakitale. Angathe ndithu.

Yambani ndi KiCad, pulogalamu yaulere imene Jean-Pierre Charras anayambitsa ku France mu 1992. Mumajambula kaye schematic, chithunzi chosonyeza mmene zipangizo zalumikizirana, kenako n'kuyala zipangizo pa bolodi ndi kukoka tinjira ta kopa tolumikiza miyendo yake. Mukatha, yendetsani DRC, chida cha mu KiCad chofufuza zolakwika, kuti ikulozereni pamene tinjira tathinana, ndipo tulutsani mafayilo a Gerber ndi a mabowo. Amenewa ndi amene amafuna mafakitale a mabolodi monga a JLCPCB ndi PCBWay ku China, kapena a OSH Park ku America, aja a mabolodi apepo. Ulendo woyamba musalimbane ndi zosankha zambirimbiri. Sankhani bolodi wamba ya mtundu wa FR-4 yokhuthala 1.6 mm, kopa mbali zonse ziwiri, basi.

Pamene ambiri timagwa m'mbuna ndi pa footprint, kutanthauza malo ndi mabowo amene chipangizo chidzakhalepo. DRC siidziwa chimene chili m'kabati yanu. Ine pa bolodi yanga yoyamba ndinajambulira transistor ya 2N3904, pomwe m'manja ndinali ndi BC547. Maonekedwe ndi amodzi, zonse ndi TO-92, koma miyendo iwiri, collector ndi emitter, ndi yosemphana. Ndinadikira phukusi milungu ingapo, ndinawotcherera mosangalala, kuyatsa, zii. Fakitale inalibe mlandu, inapanga zimene ndinaituma.

Chiyambireni tsikulo sindiitanitsa ndisanasindikize bolodi papepala pa sikelo ya 1:1. Pepalalo ndimaliyala pa katoni n'kubaya mwendo uliwonse pamalo pake, datasheet, chikalata chofotokoza chipangizocho, ili pambali. Soketi yokula, mabowo opanikizana, capacitor yotsekereza inzake, zonse zimaululika pomwepo.

Ngati mukufuna tizipangizo ta SMD, towotcherera pamwamba pa bolodi popanda kulowetsa miyendo m'mabowo, tengani ta saizi ya 0805, timene dzanja ndi kapani timagwirika. Musaiwalenso capacitor ya 100 nF pafupi ndi mwendo wa magetsi wa chip iliyonse, ndi mabowo a 3.2 mm m'makona olowetsa masikuluwu a M3. Amenewa ine ndinawakumbukira bolodi itafika kale, ikungogwedera m'kabokosi.