Kuchotsa utomoni pa blade ya sowo ndi ma bit a router

Achimwene, ngati mano a blade ya sowo yanu ada ndipo ikuwotcha thabwa, musathamangire kukanoletsa. Zimitsani makina, zulani pulagi, masulani blade muinyike m'parafini kwa mphindi 15 mpaka 20 m'beseni lophwatalala, kenako tsukani dzino lililonse ndi mswachi wakale kapena burashi ya mkuwa. Ngati parafini palibe, madzi ofunda a sopo wa ufa amachotsanso, kungoti amachedwa.

Zakuda zamamatira m'manozo ndi utomoni wopsa, makamaka wa paini. Ukakuta dzino, blade imatentha, thabwa limatuluka ndi mizere yakuda ngati manowo abuntha, pomwe ndi akuthwa ndithu.

Pa bit ya router (kampeni kozungulira ka makina osemera m'mphepete mwa thabwa) chotsani kaye bearing, kagudumu kakang'ono ka kunsonga kwake. Parafini amatsuka girizi wam'kati mwake, ikauma imagwira n'kuwotcha m'mphepete mwa thabwa. Caustic soda ndi burashi yachitsulo ayi, musaziyandikitse pa mano a carbide, chitsulo cholimba chomwe amaika kunsonga kwa mano.

Mukatsuka, pukutani blade kapena bit mpaka iume bwinobwino, mupakeko oyilo pang'ono. Kuno ku Mangochi chinyezi cha kunyanja chimabweretsa dzimbiri msanga.

Mukaona dzino lathyoka, likugwedera, kapena blade yang'aluka, musaibwezere pa makina. Dzino lothothoka pa liwiro la makina limavulaza koopsa. Pitani nayo kwa mmisiri wonola carbide akaione.