Wonenepa amathyokanso fupa, nachi chifukwa chake

Achemwali, mwafunsa kuti amayi anu a zaka 58, athupi ndithu, athyoka bwanji kakolo pongoterereka pamatope ku Chibavi, pomwe anthu amati wonenepa mafupa ake ndi olimba. Pepani kwambiri ndi ngoziyo.

Zoona zilimo pang'ono. Fupa likamasenza thupi lolemera limakhuthala, ndipo mayi akasiya kusamba, mafuta a m'thupi amapangabe estrogen pang'ono, homoni ya amayi yomwe imateteza mafupa. Koma kukhuthala ndi kulimba n'zosiyana.

M'fupa muli maselo omanga, osteoblast, ndi ogumula fupa lakale, osteoclast. Omangawo amachokera ku gwero limodzi ndi maselo a mafuta a m'kati mwa fupa. Ukalamba, kusiya kusamba ndi kumwa mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone kwa miyezi yambiri zimakokera gwerolo ku mafuta, omanga n'kuchepa. Mafuta a pamimba ndiye oipitsitsa: amatulutsa timankhwala totchedwa IL-6 ndi TNF-alpha, timene timadzutsa ogumula aja. Fupa limadyeka mwakachetechete, osamva kupweteka. Vitamini D nayenso amakatsekeredwa m'mafuta, ndiye kashiamu salowa bwino kuchoka m'matumbo. Kuno ku Mzuzu, June ndi July timafunda thupi lonse, dzuwa lothandiza khungu kupanga vitamini D osalilawa. Tsono thupi lolemera likagwera phazi lopindika, kakolo ndiye amalipira.

Akachira, ayezeni m'chiuno ndi tepi ya telala, cha pamchombo. Mayi akapitirira masentimita 88, bambo 102, mafuta a pamimba achuluka. Achepetse thupi pang'onopang'ono, theka la kilogalamu pa sabata. Chonde asadzimane chakudya kapena kumwa matiyi ochepetsa thupi aja. Kuonda mothamanga kumachotsanso fupa ndi minofu. Achepetse nsima, shuga ndi zokazinga, ndiwo zisachepe.

Pa msinkhu wawowu amafunika kashiamu pafupifupi mamiligalamu 1,200 patsiku. Kapu ya mkaka kapena chambiko imapereka pafupifupi 300. Usipa wa ku Nkhata Bay adye ndi minga yomwe, bonongwe ndi soya asasowe. Dokotala akalola, ayende mphindi 30 masiku asanu pa sabata, zitunda zathuzi zithandiza, manja ndi miyendo zikuwombedwa dzuwa.

Pokaonetsa bala ku chipatala cha Mzuzu Central, anene kuti anathyoka pongogwa ali chiimire, chifukwa chimenecho n'chizindikiro cha mafupa ofooka. Ayezetse shuga, atchulenso mankhwala onse amene akumwa. Ma ARV okhala ndi tenofovir amachepetsako fupa, koma asasiye okha, akambirane ndi dokotala.