Mwana wa mphumu akutsokomolabe usiku

Amayi, mwafunsa chifukwa chake mwana wanu wa zaka 6 akutsokomolabe usiku pamene mankhwala opopera ali nawo. Kawirikawiri vuto limakhala kapoperedwe. Popanda spacer (kabotolo kolumikiza ku chopopera mankhwala kuti mwana azipumiramo), mankhwala ambiri amathera pa lilime ndi kukhosi, osafika m'mapapo. Khutchumulani inhaler (chopopera mankhwalacho), muilumikize ku spacer, mupopere kamodzi kokha, mwana apume kasanu modekha, kenako mubwereze ngati adokotala anatero. Spacer muziitsuka ndi madzi a sopo n'kuisiya iume yokha, chifukwa mukaipukuta ndi nsalu mankhwala amamatirira m'kati mwake.

Komanso, kodi ali ndi mankhwala oteteza a tsiku lililonse, monga beclometasone? Salbutamol, mankhwala opopera mwana akabanika, amangotsegula njira za mpweya kwa maola pafupifupi 4, sachotsa kutupa kwa njirazo. Akamamufuna kuposa kawiri pa sabata, bwererani kwa adokotala. Akapopera oteteza aja, azichukucha mkamwa.

Lembani zimene zimamudzutsira iyeyo mphumuyo, kaya utsi, fumbi kapena chimfine, ndipo aphunzitsi ake akhale ndi pepala la zoyenera kuchita. Chonde musamuletse kusewera. Ana ena amabisa kubanika poopa kusalidwa ndi anzawo, choncho muzimufunsa muli awiri.

Akalephera kumaliza chiganizo, khungu la pakati pa nthiti likamalowa m'kati, kapena milomo ikasintha mtundu, mupopereni salbutamol n'kuthamangira naye kuchipatala.